Achiwiri a atsogoleri: tikuwayeza ndi nsapato kapena ndi ntchito zawo?

Aphunzitsi_Malindi
Abale anga a pagulu lino, pali chimene chikundiwawa ndipo ndikufuna tithandizane nzeru. Chitulukireni mayina a anthu amene akuyima ngati achiwiri a atsogoleri pa chisankho cha pa 16 September 2025, foni yanga yangodzaza zithunzi. Dzulo ndalandira cha mmodzi mwa iwo, dzina sinditchula, atamuzunguliza mzere wofiira pa nsapato, pansi pake atalemba kuti munthu wovala chonchi angalowe bwanji ku Capital Hill. Tsamba lina la pa Facebook latha sabata likukamba za mkazi wa wina, kuti anakumana kuti, ana alipo angati, apongozi ake ndi a chipani chanji. Koma sindinaone tsamba londiuza kuti munthuyu wagwirapo ntchito zanji, kumene anachoka anasiyako mbiri yotani, ndipo pa nkhani ya feteleza kapena mankhwala m'zipatala akuti chiyani. Ana anga ena a Folomu 4 akuvota koyamba chaka chino. Mukawafunsa za achiwiriwa amakuuzani za suti ndi mawigi basi. Ndiye ndikufunsa: atolankhani ndi eni masambawa ali ndi ufulu wofukula chilichonse cha munthu chifukwa choti wapereka mapepala ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho? Malire ali pati?

Kabaza_wa_pa_Buliji
Mutu ukakula sulewa nkhonya aphunzitsi. Anamukakamiza ndani kuti ayime?

CheNankumba77
Ine ndili mbali ya a Kabaza. Munthu akufuna galimoto za boma, nyumba ya boma, apolisi omulondera, zonsezo ndi misonkho yathu. Ndiye tisamudziwe? Ngati amamenya mkazi kunyumba ndiyenera kudziwa. Ngati anathawa ngongole ya banki mkhonde ndiyenera kudziwa.

Aphunzitsi_Malindi
A CheNankumba, kumenya mkazi ndi mlandu, kuthawa ngongole ndi khalidwe lokhudza ndalama. Zimenezo sindikukana. Nanga nsapato ndi mlandu wanji?

Cholembera_Chakale
Ndiyankhepo monga munthu amene ndinagwirapo ntchito yotola nkhani ndisanabwerere kumudzi kuno ku Namwera. Choyamba tisasakanize zinthu. Pali nyumba zofalitsa nkhani monga The Nation, Daily Times, Zodiak, zimene zili ndi akonzi, ndipo zikalakwitsa mutha kukadandaula ku Media Council of Malawi kapena kuzitengera kukhoti. Ndiye pali masamba a pa Facebook amene mwini wake sadziwika, alibe ofesi, alibe mkonzi, ali ndi foni ndi bandulo. Chithunzi cha nsapatocho sichinachoke kwa mtolankhani, ndikhoza kulumbira.

Koma sindikuti nyumba zenizenizo ndi zoyera. Mtolankhani wa m'boma ngati lathu lino nthawi zambiri alibe galimoto. Kuti akafike kumsonkhano wa chipani ku Makanjira kapena ku Katuli amakwera galimoto ya chipanicho, amadya nsima ya chipanicho, pobwerera amapatsidwa chipondamthengo mu envelopu. Munthu ameneyo mawa lake angalembe kuti wachiwiri uja analephera kuyankha funso la madzi? Amalemba kuti khamu linali lalikulu, amayi anavina, mlendo anavala bwino. Ndipo kufufuza mbiri ya ntchito ya munthu kumafuna masiku, mafoni, ulendo wa ku Lilongwe kukaona mapepala. Kujambula diresi kumafuna mphindi imodzi. Pa intaneti chimene anthu adina kwambiri ndi chimene chimabweretsa otsatsa malonda, ndiye mkonzi naye amaona kumene kukuchokera ndalama.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mpando umenewu si wamasewera. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko ndi limene linalankhula, ndipo pa 7 April Joyce Banda analumbira kukhala mtsogoleri wa dziko. Nduna zina zinayesa kunena usiku pa MBC kuti sangalowe m'malo chifukwa anali atachoka m'chipani cholamula, koma zinakanika. Munthu amene timamuyika pambali pa dzina la mtsogoleri pa pepala lovotera tsiku lina akhoza kudzuka ali mwini mpando. Komanso mtsogoleri sangamuchotse ntchito mwachisawawa ngati nduna, chifukwa anasankhidwira limodzi. Ndiye nthawi imene tikutha pa nsapato tikuyiba ku mafunso amene akanatiteteza.

MayiWaMandasi_Soko
Mwatchula amayi Joyce Banda, mwandikumbutsa bala. Nthawi ija akukangana ndi a DPP, mayi wa kunyumba ya boma anawanyoza poyera kuti wogulitsa mandasi angakhale bwanji pulezidenti. Ine ndinamva pa wailesi ndili pa chiwaya, mafuta akundithethekera m'manja, mwana kumsana. Ndinazimitsa wailesiyo. Sananyoze munthu mmodzi, ananyoza tonse amene timadzuka 3 koloko m'mawa kukanda ufa kuti ana apite kusukulu. Ndipo mawu amenewo anabwerezedwa paliponse mpaka ana a m'misewu ankatiyitana nawo.

Mjoni_wa_Makanjira
Pepani mayi. Koma kodi kumeneko analakwa ndi atolankhani kapena amene analankhula? Mtolankhani anangonyamula zimene zinanenedwa.

Cholembera_Chakale
Achimwene a ku Joni, kunyamula kulipo kuwiri. Ukhoza kulemba kuti wakuti wanena zakuti, n'kupita kwa wonenedwayo kuti ayankhe, n'kufunsanso wonenayo kuti kugulitsa mandasi kukuletsa chiyani m'malamulo. Kapena ukhoza kuyika chipongwecho pamutu pa nkhani ndi zilembo zikuluzikulu n'kusiya pomwepo. Kumbukiraninso kuti masiku amenewo wailesi ya boma inali ndi mapulogalamu ongonyoza otsutsa, monga Makiyolobasi. Imeneyo sinali ntchito yofufuza munthu, inali yomuvula ulemu ndi ndalama za misonkho.

Mnyamata_wa_Chembe
Nanga za amayi Jane Ansah, mmodzi mwa achiwiriwa, mukuti bwanji? Anthu akangotchula Tippex, utoto uja anafufutira manambala pa mapepala a zotsatira za chisankho, ena akumati mukuwazunza chifukwa ndi mzimayi.

Aphunzitsi_Malindi
Ayi mwanawe, imeneyo ndiye nkhani yoyenera kufunsidwa. Iwo anali wapampando wa MEC pa chisankho cha 2019, ndipo pa 3 February 2020 khoti linafafaniza zotsatira za mtsogoleri wa dziko, nkhani ya Tippex ili pakati. Anatula pansi udindo mu May chaka chomwecho. Imeneyo ndi ntchito ya boma imene anagwira pamaso pa tonse. Mtolankhani awafunse, iwo ayankhe mbali yawo, ovota amve. Chimodzimodzi achiwiri enawa: a Vitumbiko Mumba afunsidwe zimene achita ku unduna wa zamalonda, a Khumbo Kachali afunsidwe za nthawi imene anali wachiwiri kuyambira 2012 mpaka 2014, a Matthews Mtumbuka afunsidwe za kumene agwirako ntchito. Chimene ndikukana ndi kusiya zonsezo n'kumakamba nkhope ya munthu.

Buluu_Mpaka_Kale
Nkhani ya 2019 inatha kukhoti. Mukuyidzutsiranji? Amayiwa anakhalapo mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, anakhalapo woweruza ku khoti lalikulu la apilo. Bwanji zimenezo simuzitchula?

Tambala_Monkeybay
Inatha kwa inu. Ife amene tinayenda m'misewu sitinaiwale.

Buluu_Mpaka_Kale
Nanga mafuta ali kuti? Shuga ali pa bwanji lero? Yankhani zimenezo kaye.

Kabaza_wa_pa_Buliji
Apo pokha mwalasa. Ine ndagona pa filing'i siteshoni usiku wathawu, njinga zili mzere mpaka kumsewu, kutacha akuti atha. Wa zigubu akugulitsa mtengo woti ukauza kasitomala wopita ku Mpondasi amangoti bola ndiyende wapansi.

Usipa_Wouma
Ifenso kunyanja ndi zomwezo. Injini ya boti siyendera madzi. Mafuta akakwera usipa umakwera, amayi ogula pa Makawa amatiyesa akuba.

Mjoni_wa_Makanjira
Ndipo ndalama tikatumiza kuchoka kuno zikumangosungunuka. Ndalama imene ndinkagulira malata chaka chatha pano ikungogula theka lake.

Woyang'anira_Gulu
Akuluakulu, za mafuta tili ndi ulusi wake, pitani mukalembe kumeneko. A Buluu ndi a Tambala, mikangano ya zipani pano ayi, lamulo la gulu mukulidziwa. Tibwerere ku funso la aphunzitsi.

Namwera_ku_Indiana
Moni nonse kumudzi. Ndawerenga zonse ndisanapite kuntchito. Matendawa si a kwathu kokha. Ine ndinafika kuno ku America chisankho cha 2008 chili pafupi. John McCain anasankha Sarah Palin, bwanamkubwa wa Alaska, kukhala wachiwiri wake. Anthu ambiri sankamudziwa. Pasanathe sabata nkhani inali ya mwana wake wamkazi wa zaka 17 amene anali woyembekezera. Magazini a miseche amene amawayika pafupi ndi polipirira m'masitolo anali ndi nkhope ya banja limenelo sabata ndi sabata. Kenako kunatuluka nkhani yoti chipani cha Republican chinawononga madola pafupifupi 150,000 pa zovala ndi zodzikongoletsera za iye ndi banja lake.

Tsono taonani kusiyana kwake. Za mwana uja zinali zosayenera, mtsikanayo sanayime pa chisankho. Za zovala zinali ndi pogwira, chifukwa ndalamazo zinali za chipani zimene anthu anasonkha, ndipo iye ankadzionetsa ngati mayi wamba. Koma chimene chinathandiza ovota kwambiri sichinali chilichonse mwa ziwirizi. Anali mafunso a Katie Couric pa CBS. Anamufunsa modekha kuti amawerenga nyuzipepala ziti kuti adziwe za dziko, ndipo sanatchule ngakhale imodzi. Funso laulemu, lokhudza ntchito, lopanda chipongwe, koma anthu anaona okha. Atolankhani athu akanamachita zotero, sitikanafuna munthu wozunguliza nsapato.

CheNankumba77
Achemwali, mwanena bwino, koma pa za mwana ndikutsutsani pang'ono. Kwathu kuno timati munthu akalephera kulera ana ake angalere bwanji dziko? Ngakhale posankha mfumu mbumba imayang'ana pakhomo pake.

Namwera_ku_Indiana
Achimwene, ndi makolo angati abwino ku Mangochi kuno amene mwana wawo anatenga mimba ali pasukulu? Ashehe, abusa, aphunzitsi, zimawagwera onse. Tiziti onsewo ndi olephera? Ndipo mbumba ikamayang'ana pakhomo imakhala kuti ikumudziwa munthuyo chibadwire, imakambirana m'nyumba. Sijambula mwana n'kumumwaza dziko lonse.

Abiti_Koche
Ndakhala chete kuyambira m'mawa koma ndilankhule. Ine ndinafunapo kuyima pa ukhansala. Sindinafike n'komwe pa chisankho chenicheni, zinathera pa chipulula cha m'chipani. Munthu wina anatenga chithunzi cha pa ukwati wa mng'ono wanga, pamene ndinkavina pelekanipelekani ndi mlamu wanga, ndalama zili m'manja. Anadula anthu onse a m'mbali, anasiya awirife, n'kulemba kuti onani amayi ofuna ukhansala ndi chibwenzi chawo. Chinayenda m'magulu a WhatsApp usiku umodzi. Kutacha apongozi anga anafika pakhomo ndi foni ya mdzukulu wawo m'manja, osalonjera n'komwe. Panakhala bwalo la ankhoswe. Mwamuna wanga ankadziwa zoona chifukwa pa ukwatipo analipo, koma anandipempha kuti ndisiye, akuti sangathe kumayankha anthu kumsika tsiku lililonse. Mwana wanga wamkazi anakana kupita kusukulu sabata yonse.

Ndinali ndi mfundo zanga. Ndinkafuna kukamba za mjigo umene unawonongeka kalekale, za atsikana amene akusiya sukulu kukwatiwa ndi anyamata obwera ku Joni. Palibe anandifunsa ngakhale chimodzi. Ndiye mukamati mutu ukakula sulewa nkhonya, dziwani kuti nkhonya zimenezi zimagwera kwambiri amayi, ndipo ambiri amene akanatha kutumikira bwino amangoona zimenezi n'kubwerera kukhitchini.

MayiWaMandasi_Soko
Abiti, mwandiliza. Mulungu akulimbitseni.

Kabaza_wa_pa_Buliji
Zimenezo ndiye zankhanza mayi. Ine ndimanena za akuluakulu odya misonkho, osati bodza lopeka chonchi.

Abiti_Koche
Bodza lake ndi lomwelo bambo, kaya ndi khansala kaya ndi wachiwiri wa pulezidenti. Amene amadula chithunzi changa ndi amene amadulanso cha iwowo. Ndipo amene amatumiza ndi ife tomwe.

Wophunzira_Malamulo
Mayi, lamulo loti likanakuthandizani lilipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, ndipo mukhoza kukadandaula kupolisi. Vuto ndi lakuti lamulo lomweli lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu odzudzula akuluakulu, atolankhani omwe. Ndiye ine ndimachita mantha anthu akamati boma litseke masamba. Mu 2010 nyuzipepala ya Weekend Times, imene inkalemba nkhani za zibwenzi za anthu otchuka, inaletsedwa pa chifukwa choti sinalembetse ku National Archives. Ambiri anasangalala. Koma posakhalitsa kunabwera kusintha kwa gawo 46 la Penal Code kopatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala iliyonse, ndipo kunatengera boma latsopano mu 2012 kuti lichotsedwe. Ukapatsa wandale mpeni woti adulire miseche, amayamba kudula nkhani za katangale.

Zida zofufuzira moyenera zilipo kale. Pali lamulo la 2013 loti akuluakulu a boma azilembetsa chuma chawo. Pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata za boma limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Achiwiri ena mwa amenewa akhalapo m'maudindo a boma, ndiye mapepala awo alipo. Ndi angati apita kukawapempha?

Cholembera_Chakale
Ochepa kwambiri mwana wanga, ndipo amene amayesa amauzidwa kuti bwerani mawa mpaka chisankho chimadutsa.

Mzee_wa_Mponda
Salaam aleikum nonse. Ine ndine wachikulire, ndaona achiwiri onse kuyambira a Justin Malewezi mu 1994. Pali china simunachitchule chimene ife a kuno chimatikhudza. Munthu wa Chisilamu akasankhidwa pa mpando umenewu, nkhani imachoka pa ntchito yake n'kupita pa chipembedzo. Tinazimva nthawi ya a Cassim Chilumpha mu 2004, tinazimvanso a Sidik Mia atayima ndi a Chakwera mu 2019. M'maminibasi anthu ankanong'onezana kuti akalowa asintha dziko kukhala la Chisilamu. A Bakili Muluzi analamula zaka khumi, tchalitchi chiti chinatsekedwa? Ena amamuyesa munthu nyambo yokokera mavoti a Asilamu basi, ngati alibe mutu wake. Zonse ziwirizi ndi kunyoza. Mufunseni za chuma chake, za malonda ake, za mmene anayendetsera unduna. Chisoti chake chisiyeni.

Tambala_Monkeybay
Zoona ambuye. Ndipo si chipembedzo chokha. A Michael Usi atasankhidwa ndi a Chilima mu 2019 anthu ankangoti Manganya, wa zisudzo, ngati kuti munthuyo sanagwirepo ntchito ina. Chonsecho anatsogolerapo bungwe la ADRA. A Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, amene analumbira kukhala wachiwiri ndi yemwe uja ankamuseka.

Buluu_Mpaka_Kale
Nanga a Everton Chimulirenji atayima ndi a Peter Mutharika mu 2019 simunawaseke inu nomwe kuti sakudziwika? Lero mwasanduka oyera?

Mnyamata_wa_Chembe
Koma kufunsa kuti munthuyu ndi ndani si chipongwe. Ngati sitikumudziwa ndiye kuti tifunse kumene.

Aphunzitsi_Malindi
Eya, kufunsa kuti ndi ndani n'koyenera, ndipo yankho lake ndi ntchito ya mtolankhani: anabadwira kuti, anaphunzira chiyani, ku Nyumba ya Malamulo analankhulapo zotani, dera lake analisiya bwanji. Koma ambiri sankafuna yankho, ankafuna choseketsa. Ndimakumbukira 2014 Zodiak itakonza mtsutso wa achiwiri. Tinasonkhana pa sitolo ina pa Malindi, wailesi ili pa kauntala, anthu mpaka panja. Usiku umenewo anthu anakangana za mfundo. Wina ankati uyu wayankha bwino za ulimi, wina ankati ayi wazemba. Palibe anafunsa kuti avala chiyani, chifukwa pa wailesi suti sioneka.

CheNankumba77
Komabe aphunzitsi ine sindinasinthe maganizo pa chinthu chimodzi. Pali zinthu za m'nyumba zimene ndi zathu tonse. Thanzi la munthu mwachitsanzo. Ngati akudwala matenda oti sangathe kugwira ntchito, tisadziwe chifukwa ndi zachinsinsi? Ndipo mkazi kapena mwamuna wake ngati ali ndi kampani imene imalandira makontalakiti a boma, imeneyo si miseche.

Namwera_ku_Indiana
Pa za kampani tili limodzi. Pa za thanzi ndikuopa. Ndimagwira ntchito ya chipatala ndipo ndikudziwa mmene anthu amaweruzira munthu poona kuti waonda. Kwathu munthu akangotsika thupi anthu amamupezera kale matenda. Ngati pali funso la thanzi, afunsidwe mwini wake poyera, osati kuyika zithunzi ziwiri, cha kale ndi cha lero, n'kulemba kuti taonani.

CheNankumba77
Akafunsidwa poyera amakana. Ndani anavomerapo kuti akudwala ali pa kampeni?

Cholembera_Chakale
Palibe, ndipo pamenepo ndi povuta zedi, sindinama. Muyeso umene ndinkagwiritsa ntchito ine unali woti: chinthu ichi chikusintha mmene munthuyu angagwirire ntchito kapena mmene angagwiritsire ndalama za anthu? Ndipo ndili ndi umboni woti ndikhoza kuyima nawo pamaso pa woweruza? Zikavomera zonse ziwiri, lemba, ngakhale zikhale za kuchipinda. Ikakana imodzi, siya. Thanzi nthawi zina limadutsa funso loyamba, koma kawirikawiri limagwa pa lachiwiri chifukwa chimene tili nacho ndi mphekesera.

Usipa_Wouma
Ine sukulu sindinapite patali koma ndifunse. Achiwiriwa akubwera kuno kudzachititsa misonkhano. Bwanji ifeyo osalemba mafunso athu n'kuwatumiza ku mawailesi athu a kuno, Dzimwe kapena Umoyo, kuti akapeza mpata awafunse? Langa ndi ili: nyanja ya Malombe chambo chinatha, achita chiyani kuti asodzi tikhale ndi podyera nthawi yotseka nyanja?

Woyang'anira_Gulu
Ganizo labwino. Amene ali ndi funso alembe pansipa, lalifupi, lopanda dzina la chipani. Ndisonkhanitsa Lachisanu madzulo. Ndipo kuyambira lero wotumiza chithunzi chonyoza maonekedwe a munthu aliyense pagulu lino ndimuchotsa osachenjeza.

Abiti_Koche
Langa: adzachita chiyani kuti mtsikana wobereka ali pasukulu abwerere m'kalasi, osati pa pepala pokha?

Wophunzira_Malamulo
Langa: ali okonzeka kuonetsa poyera chuma chawo chisankho chisanachitike? Ndipo akadzasemphana ndi mtsogoleri wawo, monga zinachitikira a Chilumpha, amayi Banda ndi a Chilima, adzatula pansi udindo kapena adzangokhala n'kumalandira malipiro?

Buluu_Mpaka_Kale
Funso lachiwirilo palibe angayankhe zoona.

Wophunzira_Malamulo
Ayankhebe, tidzasunge mawu ake.

Kabaza_wa_pa_Buliji
Lembaninso la msewu wa Makanjira. Atiuze mwezi ndi chaka chimene phula lidzafike, ndipo abwere pa galimoto nthawi ya dzinja, asadzere m'mwamba.